Njira Zolimbikitsira Ophunzira Kulemba ndi Kumanga Umodzi M'kalasi

Aphunzitsi ambiri a m'madrasa, a ku pulayimale ndi a ku sekondale timadandaula chinthu chimodzi: ana athu amatha kukopera koma satha kulemba. Tikalemba notsi pabolodi, makope amadzaza mwaukhondo. Tikawauza kuti afotokoze m'mawu awoawo zomwe anaona kumsika dzulo, ambiri amangoluma cholembera mpaka belu kulira. Vutoli limaonekera poyera pa mayeso a MANEB, pomwe chimangirizo, kalata ndi lipoti zimafuna maganizo a mwana mwini wake, ndipo tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena. Mayeso akatha vutoli limamutsatabe. Mwana yemweyu ndi amene mawa adzasankhidwe kukhala mlembi wa komiti ya mzikiti, kapena adzafunike kulemba kalata yopempha ntchito, pangano la malo kapena dandaulo kwa mfumu.

M'nkhani ino tasonkhanitsa njira zomwe mphunzitsi angagwiritse ntchito m'kalasi yodzaza, pogwiritsa ntchito zomwe tili nazo kale: kope, cholembera, choko ndi khoma. Pa njira iliyonse tafotokoza komwe inachokera, mmene imayendera ndi zoyenera kusamala.

Kukopera, kuloweza ndi kulemba

Zinthu zitatuzi n'zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi malo ake. Kukopera kumawongola dzanja ndi kuphunzitsa maonekedwe a malemba. Kuloweza kumasunga mawu monga momwe alili. Kulemba ndi kusankha chonena, kuchiika mu dongosolo, ndi kuchipereka kwa munthu wina kuti amve.

M'madrasa tiyenera kuwauza ana malire momveka bwino. Pa mawu a Qur'an ndi Hadith, mwana akopere ndi kuloweza ndendende, osaonjezera kapena kuchotsapo kanthu. Koma akamafotokoza zomwe wamva pa phunziro la Seerah, la Fiqh kapena la makhalidwe, alembe m'mawu ake. Mwana amene waloweza nsanamira za wudhu angathe kuzitchula zonse osadziwa chochita madzi akasowa. Tikamuuza kuti alembere mng'ono wake kalata yomufotokozera mmene angapangire wudhu pachitsime, pomwepo timaona zomwe wamva ndi zomwe sanamve. Kulemba kumathandiza mphunzitsi kuona m'mutu mwa mwana.

Cholembera si chachilendo kwa ife

Makolo ena amaona ngati kulemba nkhani ndi ntchito ya sukulu ya boma yokha. Mbiri yathu ikuwatsutsa. Ma ayah oyambirira kuvumbulutsidwa, a mu Surah Al-Alaq, amatchula kuwerenga ndi cholembera, ndipo Surah ya nambala 68 dzina lake ndi Al-Qalam, kutanthauza cholembera. Ayah yaitali kuposa onse mu Qur'an, ya nambala 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Itatha nkhondo ya Badr m'chaka cha 624, akaidi ena odziwa kulemba omwe analibe chuma chodziwombolera anamasulidwa ataphunzitsa ana a ku Madinah kulemba, ndipo mabuku a Seerah amati aliyense ankaphunzitsa ana khumi. Zayd ibn Thabit anali mnyamata pomwe anakhala mlembi wa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ndipo ndi iye amene anatsogolera ntchito yosonkhanitsa Qur'an m'nthawi ya Abu Bakr. Mayi Ash-Shifa bint Abdullah anaphunzitsa Hafsah, mkazi wa Mtumiki, kulemba. Mphunzitsi awakumbutse atsikana ndi makolo awo za mayi ameneyu.

Kuno kwathu, masheikh ndi mafumu a m'mphepete mwa nyanja ankalemberana makalata a Chiswahili m'malemba a Chiarabu m'zaka za m'ma 1800, ndipo ana ankaphunzira pa ubao, kulemba ndi kufufuta. Tikamalimbikitsa kulemba, tikupitiriza chomwe makolo athu anayamba.

Kukonza kalasi kaye

Mwana amene wasekedwa kamodzi chifukwa cha zomwe walemba sayambiranso msanga. N'chifukwa chake umodzi wa m'kalasi umabwera poyamba, luso pambuyo. Sabata yoyamba ya teremu, mphunzitsi ndi ophunzira agwirizane malamulo ochepa ndi kuwalemba pa pepala lalikulu lomata pakhoma. Malamulowo achokere pakamwa pa anawo, mphunzitsi angowawongola. Kawirikawiri amafika pa mfundo izi:

Wina akamawerenga, tonse timamvetsera mpaka amalize.

Timakamba za nkhani yolembedwayo, osati za mwini wake, kwawo kapena katchulidwe kake.

Sitilemba dzina la mnzathu kapena la munthu wa m'mudzi pa nkhani yomuchititsa manyazi.

Zomwe zawerengedwa m'kalasi sizikakhala nthabwala panjira.

Aliyense ali ndi ufulu wonena kuti lero sawerenga.

Ana a m'madrasa amazindikira msanga kuti malamulowa ndi omwe aja a mu Surah Al-Hujurat, yomwe imaletsa kunyozana, kutchulana mayina achipongwe, kufufuzana ndi miseche. Ku sukulu komwe kuli ana a zipembedzo zosiyana, malamulo omwewa aliyense amawalandira, chifukwa palibe kholo lofuna kuti mwana wake asekedwe.

Mphunzitsi nayenso alembe. Ana akamalemba, iye akhale pansi ndi kope lake, ndipo nthawi zina awerenge zomwe walemba, ndi mofufuta momwe. Ana ambiri amaganiza kuti wodziwa kulemba amangolemba kamodzi n'kukhala bwino. Akaona aphunzitsi awo akufufuta chiganizo n'kuyambiranso, mantha amachepa.

Kulemba kwa mphindi zochepa

Njira iyi inatchuka ndi mphunzitsi wa ku America, Peter Elbow, m'buku lake la 1973 lotchedwa Writing Without Teachers. Mfundo yake njakuti munthu alembe kwa mphindi khumi osaimitsa dzanja, osafufuta, osadera nkhawa kalembedwe. Chomwe chimatsekereza ana ambiri ndi kufuna kuganiza ndi kukonza nthawi imodzi. Njirayi imalekanitsa ntchito ziwirizi.

Kwa ana a Sitandade 5 mpaka 8 tiyambe ndi mphindi zitatu, kenako zisanu. A sekondale angafike khumi. Mphunzitsi alembe mutu pabolodi, ayang'ane wotchi, anene kuti yambani. Amene mawu amuthera alembe mawu omaliza aja mobwereza mpaka ganizo lina libwere. Ntchitoyi sichongedwa ndipo siipatsidwa malikisi. Nthawi ikatha, aliyense asankhe chiganizo chimodzi chomwe chamukomera n'kuwerengera woyandikana naye.

Mitu ikhale ya zinthu zomwe mwana waziona ndi maso ake. Mwachitsanzo: tsiku lomwe mvula inatipeza panjira, mmene usipa umayanikidwira pa thandala, zomwe wakabaza amaona m'mawa, tsiku langa loyamba kumanga swaumu, phokoso la kuchigayo, munthu amene anandiphunzitsa kupalasa njinga, chinthu chomwe agogo sakonda kutaya. Mutu waukulu ngati "Ubwino wa maphunziro" umabala ziganizo zoloweza zomwe mwana aliyense amalemba mofanana. Mutu wochepa umabala nkhani makumi asanu ndi atatu zosiyana.

Kope lokambirana ndi mphunzitsi

Mphunzitsi wina wa pulayimale wa ku Los Angeles, Leslee Reed, ankapatsa ana ake makope oti azimulembera chilichonse, iye n'kumayankha m'kope lomwelo. Akatswiri atafufuza ntchito yake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, njirayi inafalikira m'mayiko ambiri, makamaka pophunzitsa ana omwe akuphunzira chiyankhulo chachiwiri. Mphamvu yake ili pakuti mphunzitsi amayankha zomwe mwana wanena, osachonga zolakwa. Mwana akalemba mawu molakwa, mphunzitsi amagwiritsa ntchito mawu omwewo molondola mu yankho lake, mwana n'kuona yekha.

Wina anganene kuti izi sizingatheke m'kalasi ya ana 80. Tiyeni tiwerengere. Tikawagawa m'magulu asanu a ana 16, gulu lililonse n'kupatsidwa tsiku lake, mphunzitsi amawerenga makope 16 patsiku. Atathera mphindi ziwiri pa kope lililonse, ntchito yonse ndi mphindi 32, ndipo mwana aliyense amalandira yankho kamodzi pa sabata. Yankho likhale la ziganizo ziwiri kapena zitatu, lomaliza ndi funso. Mwana akalemba kuti mbuzi yawo yaswa, tingamuyankhe kuti, "Alhamdulillah, zakoma. Kodi ana ake ndi angati, ndipo akuwasamala ndani iwe ukakhala kuno?" Funsolo ndi limene limabweretsa tsamba lotsatira. M'kalasi yodzaza muli ana omwe chaka chimatha osayankhulapo ndi mphunzitsi wawo. Kope ili limawapatsa njira.

Masitepe a kulemba nkhani yathunthu

Donald Graves wa ku University of New Hampshire anakhala nthawi yaitali akuonerera ana a pulayimale akulemba, ndipo mu 1983 anatulutsa buku lotchedwa Writing: Teachers and Children at Work. Anatsindika kuti ana amalemba bwino akasankha okha mitu, akamalemba kawirikawiri, ndiponso akaloledwa kubwerera pa ntchito yawo kangapo. Ife tinazolowera kupereka mutu lero, kutolera makope lero lomwe, n'kubweza ndi malikisi. Mwana amayang'ana malikisiwo n'kutseka kope. Njira ina ndi kugawa nkhani imodzi m'masiku angapo.

Tsiku loyamba ndi lokonzekera. Ana akambirane awiriawiri, aliyense afotokoze nkhani yake pakamwa. Ana athu ndi akatswiri pofotokoza pakamwa, ndiye tiyambire pomwe ali ndi mphamvu. Akatha alembe mfundo zinayi kapena zisanu m'ndondomeko.

Tsiku lachiwiri alembe nkhani yonse koyamba, akudumpha mzere umodzi kuti pakhale malo okonzera. Gawo ili lichitikire m'kalasi, pamaso pa mphunzitsi, chifukwa ntchito yopita nayo kunyumba masiku ano imabwera italembedwa ndi achimwene kapena itakoperedwa pafoni.

Tsiku lachitatu awerengerane ndi kukonza maganizo: chiyambi chikukopa? Pali pomwe womvera wasokonezeka? Pali ndime yomwe ikubwereza zomwe zanenedwa kale?

Tsiku lachinayi akonze kalembedwe: lembo lalikulu, mpumiro, mpatuliro, mfunsiro, mitengero, ndi kulumikiza kapena kulekanitsa mawu. Kukonza kalembedwe kumabwera kumapeto chifukwa palibe phindu kupaka laimu khoma lomwe ligumulidwe mawa.

Tsiku lachisanu alembe mwaukhondo, nkhaniyo ipite kwa owerenga. Nkhani ziwiri kapena zitatu zodutsa m'masitepe onsewa pa teremu zimaphunzitsa zambiri kuposa zimangirizo khumi zolembedwa mothamanga.

Magulu owerengerana ndi mpando wa mlembi

Dziko lathu lili ndi chitsanzo chake pa nkhani imeneyi. Mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College anayambitsa gulu lotchedwa Writers Group. Ankakumana sabata iliyonse, wina n'kuwerenga zomwe walemba, enawo n'kuzikambirana momasuka, mphunzitsi ndi wophunzira pa mpando umodzi. Mwa omwe anadutsa m'gululi muli Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande ndi Steve Chimombo. Iyi inali nthawi yomwe kulemba momasuka kunali koopsa m'dziko muno, koma alembi anakulira m'gulu. Mutu umodzi susenza denga.

M'kalasi, gulu likhale la ana anayi kapena asanu, osakaniza ofulumira ndi ochedwa, ndipo likhale lomwelo teremu yonse kuti azolowerane. Komwe anyamata ndi atsikana amakhala padera, magulu atsate dongosolo lomwelo, koma mphunzitsi aonetsetse kuti mbali zonse zikupatsidwa nthawi yofanana. Ana sadziwa okha kuyankha ntchito ya mnzawo. Tikawasiya amangoti "zili bwino" kapena amayamba kusaka zolakwa. Tiwaphunzitse mayankho atatu, motsatana: chomwe ndamva m'nkhani yako ndi ichi, pomwe pandikomera ndi apa, pomwe ndikufuna kudziwa zambiri ndi apa. Mwini nkhani amvetsere osadziteteza, kenako asankhe yekha chokonza.

Kamodzi pa sabata, mpando umodzi uikidwe kutsogolo. Graves ndi mnzake Jane Hansen anautcha mpando wa mlembi. Wokhalapo amawerengera kalasi yonse nkhani yomwe wamaliza, n'kusankha anzake awiri oti amufunse mafunso. Mphunzitsi asunge mndandanda kuti teremu ikamatha aliyense wofuna akhale atakhalapo. Wamanyazi kapena wachibwibwi angasankhe mnzake womuwerengera, iye atakhala pampandopo.

Nyuzi ya pakhoma ndi makalata a pakati pa sukulu

Célestin Freinet anali mphunzitsi wa kumudzi ku France. Anavulala mapapo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, choncho sankatha kulankhula nthawi yaitali m'kalasi. Mu 1924, ali pa sukulu ya m'mudzi wa Bar-sur-Loup, anabweretsa makina ang'onoang'ono osindikizira. Ana ankalemba za moyo wawo, kusankha nkhani imodzi, kuikonza pamodzi ndi kuisindikiza okha. Pambuyo pake anayamba kutumizirana nkhani ndi makalata ndi ana a sukulu ina ya kutali, m'chigawo cha Brittany. Chomwe Freinet anaona n'chakuti mwana amasamala kalembedwe akadziwa kuti pali munthu weniweni amene akudikira kuwerenga.

Ife sitifunika makina. Katoni yaikulu ya kugolosale, kumbuyo kwa kalendala yakale ndi phala la ufa wa chinangwa lomatira n'zokwanira. Aphunzitsi omwe anadutsa ku koleji amaidziwa njirayi ndi dzina loti TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Nyuzi ya pakhoma ikhale ndi dzina losankha ana, ituluke kamodzi pa masabata awiri, ndipo gulu lililonse likhale ndi nthawi yake yokhala akonzi. Ikhale ndi magawo: nkhani za pasukulu, kucheza ndi munthu mmodzi monga mlonda kapena mayi wophika phala, ndakatulo, mwambi ndi tanthauzo lake, ndi zotsatira za mpira. Mphunzitsi awerenge zonse zisanamatidwe, ndipo lamulo likhale lakuti nkhani yokhudza munthu siimatidwa mwini wake asanaione.

Makalata nawo ndi osavuta. Madrasa ya ku Mangochi ingagwirizane ndi ya ku Nkhotakota kapena ya ku Lilongwe, makalata onse n'kupita mu envulopu imodzi kudzera kwa mphunzitsi. Ana asalembe manambala a foni kapena malo enieni okhala, ndipo makalata azidutsa m'manja mwa aphunzitsi a mbali zonse. Mwana wa kunyanja akamafotokozera mnzake wa mumzinda mmene chilimila chimakokedwera, amazindikira kuti zomwe amaziona ngati zachabe ndi nzeru yomwe wina alibe. Pa sukulu yomwe ili ndi Asilamu ndi Akhristu, aliyense alembe mmene tsiku la chikondwerero limayendera kwawo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zakudya, zovala ndi alendo, popanda mtsutso wa zikhulupiriro. Ana omwe awerengerana nkhani zotere savutika kukhala pa desiki imodzi.

Kufunsa akuluakulu

Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa ku Nkhoma. Buku lake la Nthondo, lomwe linatuluka mu 1933, linapambana mphoto pa mpikisano wa mabuku a ziyankhulo za mu Africa, ndipo pambuyo pake anayenda kufunsa akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa. Ntchito ngati imeneyi ana athu angaichite pa mlingo wawo. Mudzi uliwonse uli ndi mbiri yomwe sinalembedwe: amene anamanga mzikiti woyamba, sheikh amene anaphunzitsa agogo awo ndi komwe iye anaphunzira, chiyambi cha dzina la mudzi, mmene anthu anapulumukira chaka cha njala, ulendo wa omwe ankapita kumigodi ku Johannesburg.

Ana apite awiriawiri, atapempha chilolezo kwa makolo, ndi mafunso asanu okonzeratu m'kalasi. Tiwaphunzitse ulemu wake: kupereka salamu kapena moni, kukhala pansi, kufotokoza chomwe abwerera, kusadula mawu, ndi kuthokoza. Mmodzi azifunsa, wina azilemba. Akabwera alembe kumapeto kwa nkhani kuti anawauza ndani, tsiku liti, ndiponso ngati wonenayo anaona yekha kapena anamva kwa wina. Ana a m'madrasa amaidziwa mfundoyi kuchokera ku isnad, mndandanda wa anthu omwe Hadith yadutsamo. Akapeza kuti agogo awiri asiyana pa nkhani imodzi, alembe mbali zonse ziwiri osasankha yowakomera. Mwana wozolowera kufunsa kuti "wanena ndani?" sathamangira kutumiza uthenga uliwonse wobwera pa WhatsApp.

Nkhanizi zisokedwe ndi ulusi kukhala buku limodzi la kalasi. Tsiku lotsekera, akuluakulu omwe anafunsidwa aitanidwe kudzamva ana akuwerenga.

Alembe m'chiyankhulo chiti?

Ana ambiri a ku Mangochi, Machinga, Balaka ndi mbali zina za Zomba amaganiza m'Chiyao, amacheza m'Chichewa, amalemba mayeso m'Chingerezi, ndipo madzulo amawerenga Chiarabu. Uwu ndi mwayi, ngakhale umaoneka ngati mtolo. Luso loika maganizo mu dongosolo likaphunziridwa m'chiyankhulo chimodzi limasamukira ku china. Choncho pa kulemba kwa mphindi zochepa ndi pa kope lokambirana, mwana aloledwe kulemba m'chiyankhulo chomwe mawu akubwera msanga. Pa nkhani yokonzekera mayeso, akambirane ndi kukonza mfundo m'chiyankhulo chake, kenako alembe m'chiyankhulo cha mayesowo.

Pakhoma pakhale tchati cha mawu, pomwe liwu limodzi likulembedwa m'ziyankhulo zonse zomwe zili m'kalasimo. Ana amene amakhala chete pa phunziro la Chingerezi amakhala aphunzitsi a anzawo pa tchati chimenechi. Pa kalembedwe ka Chichewa, mphunzitsi apeze Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womwe unakonzedwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba ndipo unatuluka mu 2000. Bungwe lomweli linakonzanso malamulo a kalembedwe ka Chiyao. Mawu a Chiarabu monga swalah, zakaah ndi Ramadhan timawalemba mosiyanasiyana. Kalasi igwirizane kalembedwe kamodzi n'kukasunga.

Kuchonga kosapha mtima

Kope lofiira ndi inki kuyambira pamwamba mpaka pansi limauza mwana chinthu chimodzi chokha, chakuti satha. Mphunzitsi nayenso limamutopetsa mpaka amasiya kupereka ntchito yolemba. Njira yabwino ndi kulengeza pasadakhale chomwe tichonge: sabata ino tikuyang'ana mpumiro ndi lembo lalikulu basi, sabata yamawa tiyang'ana ndime. Pa cholakwa tiike kachizindikiro m'mbali mwa mzere, mwana apeze yekha ndi kukonza. Ndemanga itchule chinthu chenicheni. Kulemba kuti "wachita bwino" sikuthandiza ngati kulemba kuti "pomwe wafotokoza fungo la utsi wa nsomba ndaona ngati ndili pompo." Zolakwa zomwe zabwera m'makope ambiri ziphunzitsidwe pabolodi kwa onse, popanda kutchula mwini kope.

Kulemba kusakhale chilango. Mwana amene walembetsedwa chiganizo chimodzi kokwana 100 chifukwa chochedwa amaphunzira kudana ndi cholembera. Mipikisano nayo isachuluke, chifukwa opambana amakhala omwewomwewo ndipo enawo amagwa ulesi. Ndi bwino kuyerekeza mwana ndi iye mwini: asunge nkhani yake yoyamba ya teremu, n'kuiika pambali pa yomaliza.

Mwana akalemba zowawa

Ana akayamba kukhulupirira mphunzitsi, ena amalemba zomwe sananenepo kwa munthu: njala ya kunyumba, imfa ya kholo, kumenyedwa, kugwiriridwa, kapena kukakamizidwa kukwatiwa. Mphunzitsi akonzekere zimenezi asanayambe. Tsiku loyamba awauze ana kuti zolemba zawo ndi amanah, sadzazionetsa kwa munthu, kupatula ngati zikuonetsa kuti mwanayo kapena wina ali pangozi. Lonjezo losunga chinsinsi chilichonse lisaperekedwe, chifukwa silingasungike.

Nkhani yachisoni chabe imafuna yankho lachifundo ndi kucheza naye pambali, pamalo oonekera. Nkhani ya nkhanza imafuna kuchitapo kanthu tsiku lomwelo. Mphunzitsi asafufuze yekha kapena kukafunsa woganiziridwayo. Adziwitse mphunzitsi wamkulu, ndipo nkhani ipite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lawo kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116. Tikumbukenso kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ukwati wa mwana ndi woletsedwa. Ngati wolembayo ndi mtsikana, mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa gulu la amayi a pasukulu akhalepo pokambirana.

Chitsanzo cha ndondomeko ya teremu

Mphunzitsi asayambe zonse nthawi imodzi. Sabata yoyamba ndi yachiwiri zikhale za malamulo a kalasi ndi kulemba kwa mphindi zochepa katatu pa sabata. Sabata yachitatu ayambitse kope lokambirana ndi kupanga magulu. Sabata yachinayi ndi yachisanu, nkhani yoyamba idutse m'masitepe onse, mpando wa mlembi uyambe. Sabata yachisanu ndi chimodzi ituluke nyuzi yoyamba ya pakhoma. Masabata atatu otsatira akhale ofunsa akuluakulu ndi kulemba mbiri. Otsalawo akhale osoka buku la kalasi, kuyeserera mitundu ya zolemba za mayeso monga kalata ya ntchito ndi lipoti, ndi tsiku lowerengera makolo. Ku madrasa, komwe nthawi ndi yochepa, mphindi khumi zomaliza kawiri pa sabata n'zokwanira: ana alembe m'mawu awo phunziro la tsikulo, ndi funso limodzi lomwe akadali nalo. Mafunso amenewo ndiwo chiyambi cha phunziro lotsatira.

Komiti ya sukulu kapena ya mzikiti ingathandize pogula makope ochepa osungira ana osowa, kuti wina asatsale chifukwa cha pepala. Masamba otsala a makope a chaka chatha, akasokedwa pamodzi, amakhalanso kope labwino. Makolo omwe satha kuwerenga ali ndi gawo lawo: amuuze mwana awawerengere zomwe walemba lero, amvetsere, ndi kumufunsa funso limodzi.

Zipatso za ntchitoyi sizioneka sabata yoyamba. Ena adzalemba mizere iwiri mwezi wonse, kenako tsiku lina n'kudzaza tsamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikupempha Allah adalitse aphunzitsi athu, awapatse kupirira, ndipo apange zolembera za ana athu kukhala zolemba choonadi ndi zothandiza anthu. Ameen.